Mafunso ndi mayankho: n'chifukwa chiyani molekyu imodzi ya madzi sinyowetsa?

Ndimaphunzitsa kemisitiri pa sekondale ina yoyendera kuno ku Kasungu. Mafunso ali m'munsiwa ndakhala ndikufunsidwa ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, ena ndi aphunzitsi anzanga, ndipo awiri atatu anachokera kwa makolo titakhala pansi pa mtengo kudikira msonkhano. Onse akuzungulira nkhani imodzi imene ndimaikonda kuposa zonse m'phunziroli: tinthu ting'onoting'ono tikasonkhana, pamabadwa khalidwe limene kanthu kamodzi kalibe.

Aphunzitsi, nkhani yake kwenikweni ndi yotani?

Chilichonse chimene mungagwire chinapangidwa ndi maatomu. Maatomu angapo akagwirana zolimba amapanga molekyu. Molekyu ya madzi ili ndi maatomu atatu, awiri a haidirojeni ndi imodzi ya okosijeni.

Tsono taganizani kuti mwapatula molekyu imodzi yokha ya madzi. Kodi ikuyenda ngati Bua? Ayi, chifukwa kuyenda kwa madzi ndi kutsetsereka kwa mamolekyu pa anzawo. Kodi ingawire? Kuwira ndi kulekana ndi anzako, ndipo iyo ilibe woti ilekane naye. Singaundane, singapange dontho, singanyowetse nsalu. Zonse zimene timadziwira madzi kuti ndi madzi zimaoneka pokhapokha mamolekyu akachuluka. Ndipo kuchuluka kwake si kwamasewera: m'magalamu 18 a madzi, omwe sakwana n'komwe masipuni anayi a tiyi, muli mamolekyu amene nambala yake ndi 6 wotsatidwa ndi maziro 23.

M'mabuku a Chingerezi makhalidwe otere amawatcha emergent properties. Ine m'kalasi ndimati makhalidwe obadwira pagulu. Katswiri wa fizikisi Philip Anderson analemba za nkhaniyi m'magazini ya Science mu 1972, ndipo mfundo yake inali yakuti zinthu zikachuluka sizingokula, zimasanduka zina.

Kodi si zomwe akuluakulu ananena kale, kuti mutu umodzi susenza denga?

Mwambiwo wayandikira, koma pali pamene wasiyana. Anthu 20 akasenza denga amaphatikiza mphamvu imene aliyense anali nayo kale. N'chimodzimodzi thumba la chimanga la makilogalamu 50: kulemera kwake ndi kulemera kwa njere iliyonse kuwonkhetsa pamodzi. Palibe chachilendo chabadwa.

Chitsanzo chimene ndimachiona kuti n'cholondola ndi dengu. Tengani nsungwi zong'amba, muzimange mtolo. Mtolowo sungasunge ngakhale dzanja limodzi la mtedza. Mupatseni woluka nsungwi zomwezo, mawa mutengeramo mtedza kupita nawo ku msika wa Chamama. Kulemera kwa nsungwi sikunasinthe. Chasintha ndi kalukidwe, ndipo kusunga mtedza kuli m'kalukidwemo. Simungang'ambe nsungwi imodzi n'kupezamo kachidutswa ka "kusunga".

Mukamawerenga mayankho otsatirawa, funso loti muzidzifunsa ndi ili: tinthuti talukana bwanji?

Chimene chimagwirizanitsa mamolekyu n'chiyani, popeza alibe ulusi?

Pali kugwirana kwa mitundu iwiri. M'kati mwa molekyu maatomu amagwirana zolimba kwambiri pogawana maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono ta magetsi tozungulira m'atomu. Pakati pa molekyu ndi inzake pali kukokana kofooka. Pa madzi, mbali ya okosijeni ili ndi mphamvu ya magetsi yotsutsana ndi ya mbali ya haidirojeni, choncho haidirojeni ya molekyu ina imakokera ku okosijeni ya inzake. Kukokana kumeneku n'kofooka pafupifupi ka 20 poyerekeza ndi kugwirana kwa m'kati, ndipo kumaduka n'kulumikizikanso kosalekeza.

Musakupeputse chifukwa cha kufookako. Pali molekyu ina yofanana maonekedwe ndi ya madzi, koma pamalo pa okosijeni pali sulufule. Ndi imene imanunkha m'dzira lovunda. Iyo ndi yolemera kuposa ya madzi, komabe imawira pa madigiri 60 pansi pa ziro, chifukwa mamolekyu ake sakokana kwambiri. Madzi akanakhala otero, bwenzi damu la Lifupa ndi zitsime zonse zili nthunzi. Madzi amadikira mpaka madigiri 100, ngakhale kuno kumtunda amawira asanafike ndendende pamenepo chifukwa mpweya sutsendereza kwambiri ngati kunyanja ya mchere.

Madzi akamaundana, molekyu iliyonse imagwira anzake anayi n'kuima chilili, kusiya mipata pakati. N'chifukwa chake ayezi amatenga malo ochuluka ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, amayandama, ndipo amaswa botolo lodzaza likaiwalidwa mufiriji.

Nalimata amene amayenda chafufumimba kudenga la kalasi yathu alibe ulimbo kumapazi. Zala zake zili ndi timaubweya mamiliyoni, kalikonse kogawikanso timphanda tambirimbiri, ndipo kalikonse kamakokana ndi khoma mofooka kwambiri. Kukokana kumeneku kuli ndi dzina la wasayansi wa ku Netherlands, van der Waals. Kamodzi sikangagwire kalikonse, koma tonse pamodzi timanyamula nalimata yense.

Nanga mchere? Anatiphunzitsa kuti unachokera ku zinthu ziwiri zoopsa.

N'zoona. Sodium ndi chitsulo chimene chimalilima chikagwera m'madzi, ndipo chlorine ndi mpweya wakupha. Koma apa atomu ya sodium yapereka elekitironi kwa chlorine, ndiye kuti tinthuto tasinthiratu. Nkhani yathu ndi yodabwitsa kuposa pamenepo, chifukwa nthawi zambiri mamolekyu amakhala omwewo osasintha, kungosintha kaimidwe.

Mumati nsima ndi kemisitiri. Mukutanthauzanji?

Funso limeneli anandifunsa mayi wina wachikulire, ndipo ndinawayankha kuti: "Amayi, inu mumachita ndi mthiko zimene ife timangojambula pabolodi."

Gawo lalikulu la ufa ndi sitachi. Sitachi ndi mamolekyu a shuga wotchedwa gulukosi olumikizidwa ngati mikanda pa ulusi. Pali mikanda ya mitundu iwiri. Wina ndi wautali wopanda nthambi, dzina lake amylose, ndipo m'chimanga ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Wotsalawo, amylopectin, uli ndi nthambi zambirimbiri ngati chitsamba. Mu ufa wosaphika mikandayi yapanikizidwa mwadongosolo m'timibulu tating'ono kwambiri, toti 60 kapena 70 titandandalikidwa tingakwane milimita imodzi. Madzi ozizira salowamo. Mukathira ufa m'madzi ozizira n'kuusiya, umangokhazikika pansi.

Madzi akatentha kufika pakati pa madigiri 60 ndi 70, timibuluto timayamba kumwa madzi n'kutupa. Dongosolo la m'kati limaphwasuka, mikanda yaitali ija imatuluka n'kuyamba kukolana ndi ya timibulu tina. Madzi amene anali kuyenda momasuka amapezeka atsekeredwa mu ukonde. Limenelo ndiye phala. Mukamawonjezera ufa n'kumathyakula, ukondewo ukuthithikana mpaka mtanda utha kuima pawokha m'mbale. Gulukosi mmodzi ndi wotsekemera ndipo amasungunuka m'madzi. Nsima si yotsekemera ndipo mutha kuitema ndi dzanja. Koma ndi gulukosi yemweyo.

Mibulu ya m'nsima imabwera motere: ufa wouma ukagwera wambiri m'madzi owira, wakunja umapsa msanga n'kupanga chikopa chotchinga madzi, wam'kati n'kutsala wouma. Amayi amene amayamba ndi madzi ofunda n'kumavundula akudziwa kupewa zimenezi ngakhale sanamvepo dzina la amylose.

Mkute umalimba chifukwa usiku wonse mikanda ija, ikamazizira, imafolanso mizere n'kugwirana, n'kufinyira kunja ena mwa madzi. Mukauotcha m'mawa umafewako chifukwa moto wamasulanso mizereyo. Kondowole wa anzathu a ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay amatamuka mosiyana ndi nsima ya chimanga chifukwa sitachi ya chinangwa ili ndi amylose wocheperapo ndipo timibulu take timatupa mosavuta.

Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi thobwa. Mwaphika phala lolimba, mwalisiya kuti lipoleko, mwathiramo chimera. Pakapita kanthawi phala lija lasungunuka, latsekemera, simunathiremo madzi kapena shuga. M'mbewu yomera muli puloteni yotchedwa amylase imene ntchito yake ndi kudula mikanda ya sitachi. Mikanda ikafupika singakolanenso, ukonde umagwa, ndipo tizidutswa tating'onoto lilime limatimva kutsekemera. Mukathira chimera phala lili lowira kwambiri, amylase amaphwanyika ndipo thobwa silichita bwino. Palibe atomu imene yachoka mumphika. Kulimba kwa phala kunali m'kutalika kwa mikanda basi.

Therere limatanuka pa chifukwa chofanana: lili ndi mamolekyu aataliatali amene amakokana mukatukula chipande.

Sopo amachotsa bwanji mafuta pamene madzi okha amalephera?

Molekyu ya sopo ili ngati mbululu, mutu ndi mchira. Mutu umakonda madzi. Mchira, womwe ndi unyolo wa maatomu a kaboni 12 mpaka 18, umathawa madzi n'kukonda mafuta. Molekyu imodzi m'beseni singachape kanthu. Ngakhale atakhalapo angapo, amangopita pamwamba pa madzi n'kuimika michira kunja.

Akachuluka kufika pa mlingo winawake, pamachitika chinthu chimene palibe wawalamula. Mamolekyu makumi angapo amasonkhana n'kupanga kampira, michira yonse m'kati, mitu yonse kunja. Kampira kameneka dzina lake ndi micelle. M'kati mwake ndi mouma, mokomera mafuta, pamene kunja kwake kumagwirizana ndi madzi. Mafuta a pa mbale kapena litsiro la pa kolala zimazingidwa ndi michira ija, n'kutengedwa ndi madzi otsukuluzira. Kachitidwe aka kodzisanja okha ndi kamene akatswiri amati self-assembly.

Ena mwa inu mumadandaula kuti madzi a pa mjigo wina amadya sopo osatulutsa thovu. M'madzi otero muli calcium ndi magnesium zochokera m'miyala. Zimagwira mitu ya sopo n'kupanga zoyerayera zoyandama zija, ndipo sopo amene watsala kuti apange timipira amachepa. Madzi a mvula alibe zimenezi, n'chifukwa chake amachita thovu msanga.

Mu 2020 tonse tinauzidwa kusamba m'manja ndi sopo. Kachilombo koyambitsa Covid-19 kali ndi chikuta cha mamolekyu amafuta amene anangodzisanja, osamangidwa zolimba. Michira ya sopo imalowerera pakati pawo n'kuchiphwasula chikutacho.

Ine ndine mlimi wa fodya. Nkhaniyi ikundikhudza pati?

Bambo, inu mumaigwira ndi manja chaka chilichonse. Fodya wouma m'chigafa masana a dzuwa, mukamugwira amafumbutuka. Tsamba lomwelo m'mamawa, kukadali chinyontho, limafewa ngati nsalu, mutha kulisankha ndi kulimanga osaliswa. Pofika 10 koloko layambanso kuuma.

Tsamba linamangidwa ndi mamolekyu aatali, makamaka cellulose ndi pectin. Likaumitsitsa, maunyolo amenewa amagwirana okhaokha ndipo sangasunthe, choncho mukapinda amathyoka. Chinyontho chikabwera, mamolekyu a madzi, poti ndi aang'ono, amalowa pakati pa maunyolowo n'kuwalekanitsa pang'ono kuti athe kutsetsereka. Madzi ake ndi ochepa zedi, tsamba silioneka lonyowa, koma khalidwe lake lasinthiratu. Akapyola mlingo mukudziwa chimene chimatsatira: nkhungu m'belo, ndipo ku msika wa fodya wa Chinkhoma fodya wotero sayenda bwino.

Oimba ng'oma za gule amaziwamba pamoto pa chifukwa chomwechi, kungoti iwo akufuna zosiyana ndi zanu. Akuchotsa madzi pakati pa ulusi wa chikopa kuti chikungike, ng'oma ilire mokweza.

Zoona makala, pensulo ndi daimondi n'chinthu chimodzi?

Zonse ndi kaboni, ngakhale makala ali ndi phulusa ndi zina zosakanikira, ndipo mtima wa pensulo amausakaniza ndi dongo. Mu daimondi atomu iliyonse yagwira anzake anayi kumbali zonse, mwala wonse n'kukhala ngati molekyu imodzi. N'chifukwa chake ndi wolimba kuposa mwala uliwonse wachilengedwe, amaonekera kuseri, ndipo sadutsa magetsi. Mu graphite, amene ali m'pensulo, atomu iliyonse yagwira atatu, n'kupanga timapepala tooneka ngati chisa cha njuchi. Pepala lililonse ndi lolimba, koma pakati pa pepala ndi linzake pali kukokana kofooka kuja. Mukamalemba, mapepalawo akusendeka n'kutsalira pa kope. Graphite ndi wakuda, wofewa, ndipo amadutsa magetsi. Ndi iye amene amagwira lithium m'batire ya foni yanu mukamatchaja, ndipo n'chifukwa chake miyala ya graphite ya ku Malingunde ndi Kasiya m'boma la Lilongwe ikukambidwa kwambiri masiku ano.

Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, ku yunivesite ya Manchester, anasenda graphite ndi selotepi mobwerezabwereza mpaka anatsala ndi pepala lochindikala atomu imodzi. Limatchedwa graphene, ndipo lili ndi makhalidwe akeake amene graphite alibe. Analandira mphoto ya Nobel mu 2010. Ndimawauza ana kuti chida chimene anayambira nacho chimagulitsidwa pa gulosale iliyonse pa Santhe.

Jumbo ndi chigubu zonse ndi pulasitiki. Bwanji china n'chofewa, china cholimba?

Yambirani pa gasi wophikira. Molekyu yake ndi unyolo wa makaboni 3 kapena 4 ovekedwa haidirojeni. Talikitsani unyolowo kufika 5 mpaka 12, mwapeza petulo. Pitirirani pang'ono, dizilo. Pakati pa 20 ndi 40 mwapeza phula la kandulo. Ukafika makaboni masauzande ambiri, ndiye polyethylene, pulasitiki ya jumbo ndi zigubu zambiri. Unyolo ukamatalika, malo okokana ndi unzake amachuluka, kenaka maunyolo amayamba kupiringizana moti sangasololoke.

Maunyolo akakhala ndi nthambi zambiri sathithikana, ndipo pulasitiki imakhala yofewa. Akakhala owongoka amagona mothinana ngati mitengo yosanjidwa bwino pangolo, pulasitiki n'kukhala yolimba ngati ya chigubu.

Nanga dothi ndi simenti?

Dongo ndi timapepala ta miyala tosaoneka ndi maso. Likanyowa, madzi amakhala pakati pa timapepalato, ndipo timatsetsereka koma osatayana. Woumba mbiya amadalira khalidwe limeneli. Mchenga sungaumbike chifukwa njere zake ndi zazikulu ndi zobulungira. Dongo likauma padzuwa limalimba, koma mvula ikabwera madzi amalowanso. Amene anamangapo ndi zidina akudziwa. Mu uvuni, moto ukapitirira madigiri 500 mpaka 600, madzi amene anali mbali ya mwala weniweniwo amachoka, timapepala timaphwasuka, ndipo moto ukakwera timayamba kuwotcherana. Njerwa yotero singabwererenso kukhala matope.

Pa simenti anthu ambiri amalakwitsa. Amati simenti imalimba chifukwa yauma. Ayi ndithu. Miyala ya laimu, yonga imene fakitale ya Shayona imakumba kuno ku Kasungu, amaiotcha pamodzi ndi dongo pa madigiri pafupifupi 1,450, n'kuipera. Ufa umenewo ukakumana ndi madzi, madziwo amalowa m'kati mwa zinthu zatsopano zimene zimamera kuchokera pa kanjere kalikonse ngati timizu, n'kulukana ndi ta njere zoyandikana, kukola mchenga ndi miyala. Kumeraku kumatenga masiku. Akatswiri amayeza mphamvu ya konkire pa tsiku la 28. Mukaleka kuthirira pa tsiku lachiwiri m'dzuwa la Okutobala, timizuto timaleka kumera tisanalukane. Zimandipweteka kuona munthu wagulitsa soya wa chaka chonse, wagula matumba a simenti, kenaka n'kuumira madzi. Thirirani kwa sabata yathunthu, ndipo ngati n'kotheka phimbani ndi udzu kapena masaka onyowa.

Kodi mtundu wa chinthu nawonso ungabadwire pagulu?

Inde, ndipo apa ndi pamene ana amatsutsa kwambiri. Golide ndi wachikasu. Koma mu 1857 Michael Faraday ku London anafotokoza za madzi okhala ndi tizidutswa ta golide tating'onoting'ono, ndipo madziwo anali ofiira. Atomu imodzi ya golide si yachikasu, sinyezimira, sidutsa magetsi. Maatomu masauzande angapo pamodzi amaoneka ofiira. Akachuluka zedi m'pamene chikasu chimabwera. Mphoto ya Nobel ya kemisitiri ya 2023 inapita kwa Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Aleksey Yekimov chifukwa cha timiyala totchedwa quantum dots, timene mtundu wake umasintha malinga ndi kukula kwake, ndipo timagwiritsidwa ntchito m'ma TV ena.

Dontho la dizilo pa chithaphwi limaonetsa utawaleza, chonsecho dizilo alibe mitundu imeneyo. Ndi kupyapyala kwa mafutawo kumene kukusankha kuwala koti kubwerere m'maso mwanu. Ofufuza a ku yunivesite ya Geneva anasonyeza mu 2015 kuti birimankhwe wina wa ku Madagascar amasintha mtundu potalikitsa kapena kufupikitsa mipata pakati pa timiyala tosanjikizana m'khungu lake.

Galasi la kakyuleta ndi la mafoni ambiri lili ndi madzimadzi amene mamolekyu ake ndi ngati timitengo ta machesi toloza mbali imodzi, uku tikuyenda. Magetsi pang'ono amatitembenuza tonse pamodzi, kuwala n'kudutsa kapena kutsekeka. Woyamba kuona zinthu zotere anali Friedrich Reinitzer ku Prague mu 1888. Anadabwa kuona mankhwala ena akusungunuka kawiri: pa madigiri 145 anasanduka madzi a mbuu, pa 178 n'kuyera.

Kodi m'thupi mwathu zimachitikanso?

Thupi linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tamoyo totchedwa maselo. Selo iliyonse yakutidwa ndi chikopa cha mamolekyu a mutu ndi michira, achibale a sopo, osanjana mizere iwiri michira ikuyang'anana. Palibe chowasoka. Amaima choncho chifukwa chothawa madzi, ndipo chikopacho chikabooka pang'ono chimadzitseka chokha.

Chitsanzo chimene ndimachinena ndi mtima wolemera ndi matenda a sickle cell, chifukwa ndaphunzitsapo ana amene ali nawo. M'maselo ofiira a magazi muli puloteni yonyamula okosijeni, hemoglobin. Umodzi mwa maunyolo ake uli ndi mikanda 146. Mwa wodwala, mkanda wa nambala 6 wokha ndi wosiyana. Molekyu yotero payokha imanyamula okosijeni bwinobwino. Vuto limabwera pagulu: ikatula okosijeni, pamalo posinthika paja pamamata molekyu inzake, inzakeyo n'kumata ina, mpaka apanga ndodo zazitali zimene zimapinda selo kukhala ngati chikwakwa. Maselo opindikawo amatsekereza timitsempha, n'chifukwa chake mwana amamva ululu woopsa m'mafupa. Maselowo amafanso msanga, m'masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120, magazi n'kumachepa. Linus Pauling ndi anzake anasonyeza mu 1949 kuti gwero lake ndi hemoglobin, ndipo Vernon Ingram anapeza kusiyana kwa mkanda umodziwo m'zaka za 1956 ndi 1957.

Makolo anzanga, mwana wotere sanalodzedwe. Anatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, amene iwo eni angakhale athanzi. Kuchipatala amayeza magazi ndipo pali chithandizo. Kumwa madzi okwanira ndi kufunda nthawi yozizira kumathandiza, pakuti madzi akachepa m'selo mamolekyu aja amathithikana n'kumatana msanga.

Ngati asayansi akuidziwa molekyu, angathe kuneneratu zimene gulu lake lidzachite?

Nthawi zina inde, nthawi zambiri movutikira. Palibe matsenga, malamulo a fizikisi ndi omwewo. Chovuta n'chakuti njira zimene mamolekyu angasanjikire ndi zochuluka kwambiri, ndipo zina zimasiyana mphamvu pang'ono zedi.

Mankhwala a HIV otchedwa ritonavir anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1996. Mu 1998 mamolekyu ake anayamba kusanjana mwa njira ina imene opanga anali asanaionepo. Molekyu inali yomweyo, koma timiyala tatsopanoti sitinkasungunuka bwino, ndiye kuti thupi silikanalandira mlingo wokwanira. Makapisozi anachotsedwa pamsika kwa kanthawi mpaka atapeza kapangidwe kena. Vutolo linakonzedwa kalekale, ndipo amene mukumwa ma ARV musade nkhawa. Lero opanga mankhwala amafufuza mwakhama masanjidwe onse a mankhwala atsopano asanawatulutse.

Mbali inayo, akatswiri aphunzira kupanga mamolekyu oti akakumana adzisanje okha mmene iwo akufunira. Charles Pedersen, Donald Cram ndi Jean-Marie Lehn analandira Nobel mu 1987 chifukwa cha mamolekyu okhala ndi chibowo chimene chimasankha cholowamo, ngati loko ndi kiyi wake. Lehn ndiye anatcha nthambi imeneyi supramolecular chemistry, ndiko kuti kemisitiri ya mamolekyu akagwirana pagulu. Mu 2016 Jean-Pierre Sauvage, Fraser Stoddart ndi Ben Feringa analandira yawo chifukwa cha timakina ta mamolekyu, kuphatikizapo kainjini kozungulira ndi mphamvu ya kuwala kamene Feringa anapanga mu 1999. Mu 2025 mphotoyo inapita kwa Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi. Iwo analumikiza maatomu a zitsulo ndi mamolekyu okhala ngati mapaso, n'kupanga miyala imene m'kati mwake ndi zipinda zokhazokha. Zina mwa izo, mutayala makoma a zipinda za m'galamu imodzi, angakute bwalo la mpira. Gulu la Yaghi linayesa zoterezi m'chipululu cha Arizona: usiku zimakoka chinyontho mumpweya, masana dzuwa likawomba zimatulutsa madzi. Munthu amene waonapo mizere ya zidebe pa mjigo mu Novembala sangaiwerenge nkhani imeneyi mtima uli m'malo, ngakhale kuti zipangizozi sizinafike poti n'kupezeka m'midzi.

Sukulu yathu ilibe labotale yokwanira. Tingaone bwanji zimenezi ndi maso athu?

Zambiri ndimachitira pakhonde ndi ziwiya za kukhitchini.

Dzazani mbale yoyera ndi madzi, dikirani akhazikike. Ikani kapepala kofewa pamwamba, pa kapepalapo gonekani singano youma. Kapepala kakamira, singano imatsala ikuyandama, yagona pa mamolekyu a pamwamba amene akokana ngati chikopa. Kenaka gusani sopo ndi kamtengo konyowa, mukhudze madzi m'mphepete mwa mbale. Singano imamira.

Gawani phala lofunda m'makapu awiri, m'modzi muthire supuni ya chimera, muvundule, mudikire mphindi 20, muyerekeze.

Koma imene ana amaikumbukira mpaka atamaliza sukulu ndi ya chinangwa. Sendani chinangwa chozizira, muchipale kapena kuchisinja, muthire madzi, mufinye pa nsalu. Madzi oyerawo muwasiye maola angapo. Pansi padzakhazikika sitachi yoyera mbee. Tsanulani madzi apamwamba, ndipo musamwe. Sitachiyo muiyanike pang'ono, kenaka muziwonjezera madzi dontho ndi dontho mpaka ikhale ngati phala lolimbirako, pafupifupi magawo awiri a sitachi pa gawo limodzi la madzi. Musaiphike.

Lowetsani chala pang'onopang'ono, chidzamira ngati m'phala. Menyani ndi chibakera mwamsanga, mudzamva ngati mwamenya dothi louma. Timibulu ta sitachi tikakankhidwa modekha timapeza nthawi yopatukirana, madzi akutitereretsa. Tikakankhidwa mwadzidzidzi timakhulana n'kutsekerezana, gulu lonse n'kuuma gwa. Tapani pang'ono, muzikunkhuniza m'manja mofulumira, mudzaumba kampira. Mukangoleka n'kutambasula dzanja, kampirako kamasungunuka n'kudontha pakati pa zala.